Tsiku Limene a Hilda Anakana Kutsegula Nsanja

A Hilda Garthwaite anasunga makiyi a linga lathu la ku Askerby zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndimawadziwa bwino chifukwa kasitolo kanga ka tiyi ndi mabanzi kanayang'anizana ndi chipata cha lingalo. M'mawa uliwonse ndinkawaona akuwoloka mlatho wa pangalande, mayi wamfupi wojintcha, atavala jekete yobiriwira ya amuna awo, yowafika m'mawondo.

Anabadwira m'kanyumba ka pachipata pomwepo. Bambo awo ndiwo ankatchetcha udzu wa m'linga, ndipo a Hilda anaphunzira kuyenda akugwirira miyala yomwe alendo amabwera kudzajambula. Atasiya sukulu anakagwira ntchito kufakitale ya ubweya kutauni, koma sanakhalitseko. Ankati phokoso la makina linkawalanda mpata wolankhula. Anabwerera kumudzi n'kukwatiwa ndi a Wilf, mlimi wa nkhosa, munthu woti mawu khumi ankamukwanira tsiku lonse. Mkulu amene ankasunga makiyi atapuma ntchito, panalibe amene anafunsa kuti alowe m'malo ndani.

Alendo ankawakonda, ngakhale ena ankayamba ndi kuwaopa. Ana asukulu akafunsa ngati m'lingamo muli mizukwa, ankawauza kuti ilipo iwiri, iwowo ndi ine, ndipo woopsa ndi wogulitsa mabanziyo. Tsiku lina bambo wina wa magalasi anawatsutsa pagulu. Anatsegula buku n'kunena kuti chitsime sichili pamene a Hilda akulozapo.

"Amene analemba bukulo ndimamudziwa," anatero a Hilda. "Anabwera kuno tsiku limodzi, kukugwa mvula, ambulera ndinamubwereka ndine. Tasunthani pang'ono, bambo, mwaima pachivundikiro cha chitsimecho."

Ntchito yawo yoyamba tsiku lililonse inali kukwera nsanja yaikulu alendo asanafike. Masitepe ake ndi okhotakhota, opapatiza, makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi. Ankakwera dzanja lili pakhoma, n'kutsegula chitseko chapamwamba, kupirikitsa akhwangwala ndi kukweza mbendera.

Chaka chimene a Hilda anakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, chisanu chinavuta kwambiri, ndipo chitatha kunagwa mvumbi wa milungu itatu. Chaka chomwecho bungwe loyang'anira lingalo linatitumizira bwana watsopano, a Crispin Aldous. Anali wophunzira, waulemu, wazaka zosakwana makumi atatu, ndipo sanali munthu woipa ayi. Ankafuna kuti mudzi wathu udziwike. Anakonza chikondwerero chachikulu mu Meyi: anthu ovala zachitsulo omenyana pa akavalo mongoyerekeza, oponya mivi, oimba zitoliro, ndi mabasi ochokera kutali. Pa zikwangwani zonse analembapo kuti mlendo aliyense adzakwera nsanja n'kuona zigwa zitatu.

Kutatsala sabata imodzi, a Hilda analowa m'sitolo mwanga, n'kukhala pansi osaitanitsa kanthu. Anandiuza kuti chitseko chapamwamba chayamba kulimba. Ndinati ndi chinyezi basi, thabwa lafufuma.

"Doreen, kwakhala kuli dzuwa masiku asanu ndi atatu," anatero. "Chitseko chija ndimachidziwa kuposa mmene ndimamudziwira Wilf. Si thabwa lafufuma. Khoma lasuntha."

Anati pa masitepe apamwamba akumapezanso mchenga. Akasesa, mawa lake ulipo wina. Anakawauza a Crispin, ndipo a Crispin anamvetsera, n'kulemba kalata kulikulu tsiku lomwelo. Yankho linabwera loti nsanjayo inapimidwa chaka chatha ndipo inali bwino, mainjiniya adzabwera mu Juni.

A Hilda sanakangane ndi munthu. Anandipempha kagalasi ka pa chithunzi chakale chimene chinali kuseri kwa kauntala yanga, n'kukadula kachidutswa kotalika ngati chala. Anakamata ndi simenti mopingasa pa kamng'alu kena pafupi ndi chitseko chija, monga ankachitira bambo awo. Khoma likangoyenda ngakhale pang'ono, galasi limasweka.

M'mawa wa chikondwerero, mabasi awiri oyamba atafika kale, a Hilda anatsika munsanja muja ali ndi tizidutswa tiwiri ta galasi m'manja. Anakhoma chitseko chapansi, kiyi n'kuika m'thumba la mkati mwa jekete. Ine ndinali pabwalo ndi thireyi ya mabanzi, ndiye zonse ndinazimva ndekha.

A Crispin anayesa kulankhula mofatsa. Anati anthu abwera ulendo wa maola anayi, ena ndi ana, ndipo nsanja yaima zaka mazana asanu ndi awiri, singasankhe lero. Anati angolola anthu asanuasanu. A Hilda anawaonetsa galasi lija. A Crispin anati kagalasi kangasweke ndi kuzizira kwa m'mawa. Kenaka mawu anayamba kuuma.

"Mayi Garthwaite, ndikukupemphani monga woyang'anira pano. Ndipatseni kiyi."

"Bwana, mundichotse ntchito Lolemba, palibe vuto, ndidzakusiyirani makiyi onse patebulo. Koma lero palibe mwana wa munthu akwere mmenemu. Ngati mukuifuna kiyi, ili m'thumba ili. Pisani."

A Crispin anayang'ana jekete ija, anayang'ana anthu amene anayamba kusonkhana. Sanapise.

A Hilda anatumiza mawu kwa a Wilf. Anabwera ndi thirakitala itanyamula timipanda ta nkhosa, n'kutchinga malo onse a pansi pa nsanja. Atamaliza anakhala pampando pafupi ndi chitseko, galu wawo atagona kumapazi. Aliyense wofunsa ankangomuyankha kuti, "Kwatsekedwa." Tsikulo anaposa mawu awo khumi aja kutalitali.

Anthu anadandaula, ndipo ena anakwiya ndithu. Apa a Hilda anakwera pamwala n'kufuula kuti amene akufuna kuona zimene a pansanja saziona awatsate. Ulendo woyamba anawatsata anthu ngati khumi ndi awiri. Anawatsitsira m'ngalande youma muja, mmene nkhosa za a Wilf zinkadya, n'kuwaimika patsinde pa khoma kuti ayang'ane m'mwamba monga ankayang'anira adani. Anawaonetsa zizindikiro zimene amisiri akale ankagoba pamiyala yawo, ndi kabowo kumene kankatulukira zonyansa za kuchimbudzi cha mwini linga, ana n'kuseka mpaka kugwa. Anawatengera kumtsinje, pa chigayo chakale cha madzi, kenaka kutchalitchi, kumene msilikali wosemedwa pamwala wagona pamwamba pa manda, pambali pa mkazi wake, mphuno zonse zitathothoka. Pomaliza anawalozera sitolo yanga. Pofika madzulo anali atayenda maulendo asanu, ndipo womaliza unali ndi anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Mawu anali atawathera, ankangonong'ona.

Tsikulo palibe mwala umene unagwa. Lolemba a Crispin anawauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka akuluakulu akambirane nkhaniyo. A Hilda anapereka makiyi monga analonjezera. A Crispin anaika kiyi ya nsanja m'dirowa, ndipo ngakhale sananene kwa munthu, nawonso sanatsegule.

Sabata inatha, nsanja ili chiimire. Ku bala anayamba kuwaseka. Ankati a Hilda agonjetsa linga limene Asikoti, adani akale aja, analephera kulilanda, ndi kagalasi kokha. Ine zinkandiwawa, koma eni ake ayi. Nditapita kukawaona ndinawapeza m'dimba akuzika timitengo toyangira nyemba, akuimba. Ndinawafunsa ngati sakuopa kuti mwina analakwitsa.

"Ngati ndalakwitsa, anthu aphonya kuona zigwa zitatu, ndipo zigwazo sizithawa," anayankha. "Tandigwirire chingwechi."

Chifukwa cha phokoso limene linabuka, likulu linatumiza injiniya msanga, mayi wamtali wovala chisoti chachikasu. Anakwera ndi tochi ndi kanyundo, ife tikudikira pabwalo. Sanathe ngakhale theka la ola. Atatsika anauza a Crispin kuti timipanda ta nkhosa tija tisunthidwe, titalikirenso kawiri. Madzi anali atalowa pakati pa khoma kwa zaka zambiri, chisanu n'kumaliza ntchito. Kunja miyala inkaoneka bwino, koma mkati munali mutasanduka mchenga, ndipo masitepe khumi ndi awiri apamwamba ankangogwirana okhaokha. Anafunsa kuti anamata galasi ndani.

Madzulo a tsiku lomwelo a Crispin anagula keke yathunthu kwa ine n'kuyenda wapansi mpaka kufamu ya a Wilf. Zimene anakambirana sindinazimve. A Wilf anangondiuza kuti mnyamatayo anapepesa bwino, anamwa makapu atatu a tiyi, ndipo a Hilda anamupatsa nsalu kuti apukute mbale.

Kukonza nsanja kunatenga zaka ziwiri. Nthawi yonseyo a Hilda, atabwezeredwa pantchito, ankayendetsa alendo kunja kwa makoma, ndipo a Crispin anawasindikizira kapepala kosonyeza njirayo, pamwamba pake atalembapo dzina lawo. Anagwira ntchito limodzi zaka zina zisanu ndi chimodzi, akukangana pafupifupi sabata iliyonse, kawirikawiri za malo oimika mabasi. A Hilda atapuma ntchito, a Crispin ndiwo analankhula paphwando, ndipo analankhula motalika mpaka a Hilda anawauza kuti akhale pansi, tiyi akuzizira.

Pano ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. A Wilf anatisiya zaka zitatu zapitazo, nkhosa anatenga ndi mdzukulu wawo. Mwezi watha a Hilda anachitidwa opaleshoni ya fupa la m'chiuno, ndipo ndinakawaona kuchipatala Lachinayi. Ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, akulangiza namwino kapindidwe ka bulangete.

"Dokotala akuti ndidzayenda popanda ndodo pakatha masabata asanu ndi limodzi," anandiuza. "Ndamuuza kuti anayi. Wandibweretsera mabanzi, kapena wangobwera kudzandiyang'ana?"