Tsiku limene mwendo wanga unafa pa buleki

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu ayi, inandichitikira ine ndemwe masana dzuwa likanali m'mwamba, ndipo amayi ena amene analipo tsikulo akadali moyo mpaka lero kumidzi ya ku Malomo uko. Mayina sinditchula, chifukwa ana a anthu enawo timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, komanso mkulu amene ndikufuna kumunenayo dzina lake si loti munthu n'kuwonongerapo inki.

Zinali zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi ija, ine ndili dalaivala wa lole ya bwana wina wa pa Mponela, ndikunyamula chimanga ndi fodya m'misika ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ndinali bambo wa zaka makumi anayi ndi zingapo, wonenepa, khosi lamapindikiro atatu, ndipo masiku amenewo kunenepa tinkakuyesa ulemu. Chaka chimodzi izi zisanachitike ndinapita kuchipatala cha mishoni chifukwa mutu unkandiwawa kunkhongo m'mawa uliwonse. Adokotala anandimanga lamba wopopa uja pamkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso kachiwiri ngati sakukhulupirira, kenako anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Pofuna kuti ndimve bwino anandiyankhula m'chiyankhulo cha ntchito yanga, akuti mtima wanga ukugwira ntchito ngati injini imene ikukwera phiri ndi katundu wopyola muyezo tsiku ndi tsiku, ndipo ndikapanda kusamala mtsempha wina udzaphulika m'mutu. Anandipatsa timapiritsi toti ndizimwa m'mawa uliwonse, anati ndichepetse mchere ndi nyama yamafuta, ndizibwera mwezi ndi mwezi kudzapimitsa.

Ndinamwa miyezi iwiri yokha. Mutu utasiya, ndinadziuza kuti ndachira, nanga munthu wosamva kupweteka paliponse amweranji mankhwala? Komanso anzanga a pachiwaya pa Mponela paja, anthu oti ngakhale sipelo ya dzina lawo inkawavuta, anandiuza motsimikiza kuti mapiritsi amenewo amagwetsa mwamuna mu mpapaya. Ine, bambo wa ana asanu, ndinamvera iwowo m'malo mwa adokotala, ndikutafuna nkhumba yosunsa mumchere. Mayi a kunyumba atandikumbutsa za mankhwala ndinawafunsa kuti udokotala anauphunzira liti. Ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti munkhaniyi chitsiru chinali chimodzi chokha.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, kunamveka kuti mwini dziko abwera kudzayendera mbewu, ndiye amayi a m'midzi ankayenera kupita kuboma la Ntchisi kukayeserera magule. Malole a anthu ankangotengedwa, panalibe zopempha. Amene ankayang'anira dera limene ndinatumidwako anali tcheyamani wina wamfupi, wa suti imodzi yomweyo chaka chonse, baji pachifuwa, kachikwama kukhwapa. Poyamba mkuluyu anali telala, telala wake wolephera ngakhale kulunjikitsa kolala ya malaya a sukulu, koma chipani chitamupatsa mpando anayamba kuyenda ngati mapiri onse a Ntchisi anawaumba ndi iye.

M'mawa wa tsikulo ndinadzuka mutu ukugunda ngati muli munthu akusula khasu, m'mphuno mukutuluka magazi, m'maso ndikuona tinyenyezi. Ndinauza abwana anga, iwo anangotambasula manja, akuti zimenezo ndikawafotokozere ndekha atcheyamani, iwo sakufuna kutsekeredwa sitolo. Ndinayendetsa choncho mpaka pa Malomo, ndipo nditafika ndinamutengera pambali mkulu uja, chipewa chili m'manja, n'kumuuza mwaulemu kuti bwana, ndili ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, lero thupi silili bwino, mwina papezeke dalaivala wina.

Anaseka mpaka kugwira bondo. Anaitana amayi amene anali pafupi kuti adzamve nawo zodabwitsa, akuti dalaivala uyu magazi ake akuthamanga, nanga akuthamangira kuti, akuwathamangitsa ndani? Akuti matenda amenewo ndi a azungu ndi nduna za boma, munthu wolekeza sitandade faifi wawatola kuti? Kenako anatsitsa mawu, kuseka konse kutatha, n'kundifunsa ngati ndikutanthauza kuti ndatopa kunyamula amayi a mbumba, kuti ngati ndi choncho ndinene bwinobwino iye alembe. Inu a masiku ano simungamvetse, koma nthawi imeneyo munthu akati akulemba, umayamba kuganiza za amene adzalere ana ako. Ndinavala chipewa changa n'kukaliza injini.

Amayi anadzaza lole mpaka ena kuimirira, onse m'nsalu za chipani, ena ana kumsana, kamvula kakuwaza. Mkazi wa tcheyamani yemwe, ndi khanda la miyezi yochepa, anakwera kumbuyo komweko. Kutsogolo mkulu uja anakweza mtsikana wina, mphunzitsi wa pulayimale amene ankayambitsa nyimbo, akuti mawu ake asalowe chinfine. Mtsikanayo anakhala pakati, tcheyamani kuchitseko. Ndivomere kuti mumtima ndinamunyoza mwana wamkaziyo, ndinkamuyesa chibwenzi cha mkuluyo, osadziwa kuti naye anangolamulidwa ngati ine ndipo ankaopa kulembedwa komweko.

Msewu unali matope okhaokha. Njira yonse tcheyamani ankangoyang'ana wotchi, akuti tachedwa, madera ena afika kale, ndiponde moto. Pali malo ena pamene msewu umatsetsereka mokhotakhota, mbali imodzi chipupa cha phiri, mbali inayo phompho, ndipo kumunsi kwake kuli kamlatho kamatabwa kongokwana galimoto imodzi. Tsiku limenelo mtsinje unali utadzaza, madzi ofiira akunyambita matabwawo. Malo amenewo ndinkatsika ndi giya yachiwiri nthawi zonse, koma chifukwa cha phokoso la mkuluyu ndinalowa ndi yachitatu, ndikudalira buleki.

Tili pakati pa mtsetse ndinamva ngati wina wandithira madzi ofunda mkati mwa mutu. Sizinapweteke n'komwe. Ndinangoona dzanja langa lamanja lachoka pachiwongolero lagwera pantchafu, ngati la munthu wina. Ndinati ndiponde buleki, mwendo wamanja osamva, unangoterereka n'kugona pamenepo ngati chipika. Lole inayamba kuthamanga. Ndinafuna kukuwa kuti gwirani chiwongolero, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali kulira kwa ng'ombe, dovu likuchucha mbali imodzi. Nzeru zonse ndinali nazo, mlatho ndikuuona ukubwera, kumbuyo amayi akuimba ndi kuwomba m'manja osadziwa kanthu, ndipo ine ndikudziwa bwinobwino kuti ndikupita nawo m'madzi.

Tcheyamani anandiyang'ana, anayang'ana mtsinje, n'kutsegula chitseko. Sanakuwe kuti amayi gwiritsitsani, sanatchule dzina la mkazi wake kapena la mwana wake, anangofungatira kachikwama kake kaja n'kudumpha. Ndinamuona ndi diso langali akugubuduka m'matope ngati thumba la feteleza logwa palole.

Amene anatsala ndi mtsikana ndinkamunyoza uja. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kumandifunsa kuti bambo tikhotere kuti, bambo tikhotere kuti. Ndi dzanja lamanzere ndinakankhira kuchipupa cha phiri, iye anamva, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Nthawi yomweyo ndinakankha mwendo wakufawo ndi phazi lamanzere kuuchotsa panjira, n'kuponda buleki ndi phazi lomwelo. Lole inaterereka chammbali, inakhula chipupa dothi likugumukira pagalasi, matayala a mbali imodzi analowa mungalande, inapendekeka, n'kuima. Kuchokera pamene inaimapo kufika pamlatho, munthu akanaponya chitsononkho chikanagwera m'madzi. Nyimbo inaduka, kenako ana anayamba kulira. Mayi wina anathyoka mkono, wina anaguluka mano awiri, ambiri anasupuka, koma palibe anafa.

Mukuganiza kuti mantha anathera pamenepo? Amayi atanditulutsa n'kundigoneka pambali pa msewu, mkulu uja anatulukira akutsimphina, suti yonse matope, baji ili pomwepo. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kundimenya khofi. Akuti ndaledzera, tamverani mmene akuyankhulira, wamwa kachasu m'mawamawa. Ataona kuti amayi akungomuyang'ana, anasintha nyimbo, akuti ayi si mowa wokha, munthu ameneyu anakana kale pa Malomo kunyamula mbumba, wachita dala, watumidwa ndi zigawenga kuti aphe amayi a mwini dziko, ndipo lero lomwe akagona m'manja mwa apolisi. Ndinayesa kuyankha, lilime ngati chigamba. Pamtsetse paja ndinkaopa kufa, koma apa ndinaopa zoposa, chifukwa mlandu wotero sunkathera pa iwe wekha, unkafika kwa mkazi wako, abale ako, ngakhale ana kuchotsedwa sukulu.

Amene anayamba kuyankhula anali mkazi wa tcheyamani uja. Anabwera khanda lili m'manja, chipumi chikutuluka magazi, ndipo sanakweze mawu. Anangofunsa kuti bambo a mwana, kodi munagwa kapena munadumpha, chifukwa ine ndinaimirira kumbuyo kwanu kwenikweni ndipo chitseko ndinachiona chikutseguka. Mkuluyo anati akhale chete, izi ndi nkhani za boma. Mayiyo anafunsanso funso lomwelo, mawu omwewo. Apo mphunzitsi uja ananena kuti iye anali pakati pa anthu awiriwa, dalaivala sakununkha mowa, wadwala, ndipo kupolisi akanena zonse kuyambira zimene zinayankhulidwa pa Malomo. Amayi akuluakulu anayi anavula nsalu zawo zapamwamba n'kundinyamuliramo. Ndipo mukudziwa chimene chinamupweteka mtima tcheyamani? Akuti nsalu ya chipani sagonekapo munthu wodwala. Lole ina imene inkatitsatira ndi imene inatitengera kuchipatala cha paboma.

Kuchipatala anandipima, ndipo adokotala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mayi a kunyumba atafika anafunsidwa ngati ndinkamwa mankhwala, iwo anangoyang'ana pansi, ine ndili gone ndikumva, manyazi ake osaneneka. Apolisi anabweradi, popeza mkulu uja anakanena, koma adokotala anawaonetsa zimene analemba, mphunzitsi uja anapereka umboni, mkazi wa tcheyamani naye anapereka wake, nkhani n'kufera pomwepo. Nanga tcheyamaniyo anachotsedwa pampando? Ayi ndithu. Ndinamva kuti pamsonkhano wina anafotokoza kuti anadumpha dala kuti akaike mwala kutayala, ndipo anthu anawomba m'manja, nanga akanatani? Mkazi wake yekha ndi amene sanawombe, mvula isanathe anatenga ana n'kubwerera kwawo. Zipani zitachuluka, mkuluyu anali woyamba m'dera lonse kusintha malaya, n'kumauza anthu kuti iye ankalimbana ndi nkhanza kuyambira kale.

Ine ndinatha miyezi ndisanathe kutchula dzina la mwana wanga woyamba. Mayi a kunyumba, omwe ndinawafunsa za udokotala aja, ndi amene ankandisambitsa, kundidyetsa ndi kundiyendetsa pakhonde ngati mwana wophunzira kuyenda. Galimoto sindinayendetsenso. Mphunzitsi uja anabwera kudzandiona kawiri, ndipo mawu atabwerera ndinamupepesa chifukwa cha zimene ndinkamuganizira, iye anangoseka n'kunena kuti manja ake anachita okha.

Abale anga ena mpaka lero amati tcheyamani uja anandilodza chifukwa ndinamukanira pagulu. Zimenezo ndimakana, ndipo ndimakwiya nazo, chifukwa ndi kumupatsa ulemu umene alibe. Munthu uja sakanatha kulodza ngakhale nkhuku. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu anandichenjeza kudzera mwa adokotala chaka chathunthu, ine n'kusankha kumvera a pachiwaya, ndipo mkuluyo anangomalizitsa ntchito imene ndinaiyamba ndekha. Kuyambira pamenepo piritsi langa ndimamwa m'mawa uliwonse, mutu uwawe usawawe, mchere ndi wongolawitsa, ndipo tsiku lopimitsa sindiphonya ngakhale kugwe mvula yotani.

Ndiye inu amene anakuuzani kuchipatala kuti magazi anu akuthamanga, musadikire kuti thupi likuuzeni, matendawa sapweteka mpaka tsiku limene akugwetsani, ndipo sasankha kuti muli pamphasa kapena mwanyamula miyoyo ya anthu. Wina akakusekani kuti ndi matenda a anthu olemera, musiyeni aseke, tsiku loipa likadzafika ameneyo adzakhala woyamba kupeza chitseko. Ndipo mukadzaona munthu wagwa mwadzidzidzi, kamwa lapotoka, akuyankhula ngati woledzera, musataye nthawi kumununkhiza kapena kumuweruza, thamangirani naye kuchipatala. Samalaninso zimene mukuyankhula pamutu pake, chifukwa ine m'matope muja ndinkamva liwu lililonse, chimene ndinkasowa ndi pakamwa poyankhira.