Uthenga Umene Ndinafufuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anga anadulidwa khutu. Ndinali mu Sitandade 6, ndipo pakhomo pathu, kumudzi kufupi ndi Bowe, ine ndinali maso a bambo.

Bambo ndi achialubino. Zilembo zing'onozing'ono saziona ngakhale atavala magalasi, ndipo amayi sukulu anaisiyira panjira. Choncho chilichonse cholembedwa chinkadutsa mwa ine, mwana woyamba: makalata a kumpingo, malangizo a pabotolo la mankhwala a fodya, mauthenga a pafoni. Ankandiitana kuti "mayi", monga mmene abambo ena amachitira ndi ana awo aakazi. "Mayi, tawerengani apa." Ntchitoyi ndinkaikonda, ndipo ndisaname, inkandipatsa matama.

Za dzuwa bambo ankazidziwa bwino. Kumunda ankavala malaya a manja aatali ndi chipewa cha mlaza chachikulu ngati lichero. Koma analinso mkulu wa mpingo, ndipo kwathu mwamuna savala chipewa pamaliro. Zovuta zikagwa, bambo ankakhala kumanda mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili pabondo, kudikira nthawi yolalikira. Anthu akawauza kuti asunthire pamthunzi, ankayankha kuti pamenepo ndi pa mafumu ndi anamfedwa. Ankabwera kunyumba makutu atafiira psuu.

Kachilonda kanayambira pamwamba pa khutu lakumanja. Kankapanga nkhanambo, nkhanamboyo n'kugwa, timagazi pang'ono, kenako nkhanambo ina. Kanatha miyezi kakuchita zomwezo.

Mu Okutobala, ku Madisi kunabwera madokotala a khungu odzaona anthu achialubino, ndipo ndinawaperekeza bambo. Timabala tokhakhala ta m'mikono anatiwotcha ndi utsi wozizira wochokera m'chinthu chonga fulasiki. Pakhutu m'pamene anachedwa. Dokotala wake anali mayi wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Anayeza chilondacho ndi karula, n'kupempha kuti achijambule, ati zithunzi zotere zimawathandiza pa kafukufuku. Pepala lovomereza ndinawerenga ndine. Kenako anabaya jakisoni, anadula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika m'kabotolo. Anati kakapimidwa ku Lilongwe, ndipo zotsatira zikatuluka adzatumiza uthenga pafoni. Ikapezeka kuti ndi khansa, adzachotsa kachidutswa ka m'mphepete mwa khutu basi. Anasonyeza ndi zala zake, kosaposa chikhadabo.

Nkhaniyi inawapeza azakhali, mlongo wawo wa bambo, tikuthirira nazale ya fodya kudimba. Ankalankhula ndi amayi, ine ndili poteropo ndi keni yanga.

"Alamu, achimwene asalole zimenezo," anatero. "Khansa imadana ndi chitsulo. Ukaisiya imagona, ukaikhudza ndi mpeni imalusa."

Anasimba za bambo wina wa ku Nachisaka amene anapita ku opaleshoni akuyenda yekha n'kubwerako m'bokosi. Sanatchule dzina lake, ndipo palibe anafunsa kuti anapitako matenda atafika pati. Azakhali zinthu ankazinena ngati analipo. Amayi anangoti, "Tiona," n'kupitiriza kuthirira. Ine ndinazisunga.

Uthenga unafika mu Disembala, tikuwokera fodya. Kwathu netiweki inkagwira pachulu cha kuseri kwa khola pokha, ndipo bambo ankakwerapo masana alionse ndi kafoni kawo ka mabatani. Tsiku limenelo anatsika akundiitana, manja ali matope.

"Mayi, tawerengani apa."

Ndinawerenga chamumtima kaye, monga ndinkachitira nthawi zonse. Zotsatira zatuluka. Bwerani kuchipatala chachikulu ku Lilongwe Lachiwiri likubwerali kudzachitidwa opaleshoni.

"Ndi a foni awa," ndinatero. "Akuti mugule mayunitsi mupate bonasi."

"Anthu amenewa satopa. Fufutani."

Ndinafufuta. Uthenga wachiwiri unabwera mu Januwale, ndipo kunama kwachiwiri sikunandivute ngati koyamba. Ndikanakonda kulemba kuti chikumbumtima chinkandisautsa, koma ayi. Ndinkadya bwinobwino, ndinkasewera fulaye ndi anzanga. Mumtima mwanga ndinali mwana amene wapulumutsa bambo ake ku mpeni, ndipo ndinkangodandaula kuti palibe wondiyamikira. Bambo ankati, "Madokotala aja akhala chete, ndiye kuti sanapeze kanthu."

Chilonda sichinagone monga ananenera azakhali. Dzinja lonse chinkakula. Pofika nthawi yosoka fodya m'chigafa, chinali chitadya m'mphepete monse n'kutsikira kuseri kwa khutu. Ntchentche zinkawalondola bambo. Mwendo wa magalasi unkakhula pomwepo, moti anaukulunga ndi kansalu. Ndikakhala pafupi nawo kuti ndiwawerengere, ndinkamva kafungo, n'kumatembenuzira mphuno kumbali mochenjera kuti asaone. Apa m'pamene mantha anga anasintha, koma pakamwa panali patatsekeka kale. Ndikanayambira pati?

Madokotala aja anabweranso mu Epulo. Dokotala wamfupi yuja anachotsa kansalu kamene bambo anaphimba pakhutu. Anatulutsa chithunzi cha mu Okutobala n'kuchiyang'ana, kenako n'kuyang'ananso khutulo.

"Bambo, tinakutumizirani mauthenga awiri. Tinaimbanso, foni sinkapezeka. Bwanji simunabwere?"

Ndinali nditaima kumbuyo kwawo, nditanyamula chipewa chawo. Bambo sanacheuke. Ndinaona khosi lawo lokha likufiira.

"Kwathu n'kumapiri, adokotala," anatero. "Netiweki imavuta."

Pobwerera anandikweza panjinga. Titafika pachitunda chimene aliyense amatsika n'kukankha, tinayenda limodzi, iwo mbali iyi ine mbali inayo. Ndinkadikira khofi kapena chikoti, ndipo ndikanachilandira mothokoza.

"Mayi, munkaopa chiyani?"

Ndinawauza zonse, za azakhali, za chitsulo, za bambo wa ku Nachisaka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kuopa si mlandu," anatero. "Nanenso ndikuopa. Koma khutuli ndi langa, mantha akenso ndi anga. Mukanandipatsa ndiope ndekha."

Pamwamba pa chitunda anandiuza kuti ndikwere.

Sabata yotsatira anapita ku Lilongwe ndi amayi. Madokotala anachotsa khutu lonse pamodzi ndi khungu la kuseri kwake, n'kuphimbapo ndi khungu lochokera pantchafu. Atapima nyama imene anadulayo, anati m'mbali mwake munalibe khansa, kutanthauza kuti anaichotsa yonse. Bambo anabwera akuyenda okha, akutsimphina pang'ono chifukwa cha ntchafuyo. Azakhali anati ndi mapemphero awo. Za chitsulo sanazitchulenso, ndipo sanadziwe n'komwe kuti mawu awo anagwira ntchito yanji. Amayi anadzamva za mauthenga aja patapita zaka, kuchokera kwa ine.

Magalasi analibenso pokhala, choncho amayi anawasokerera lamba wa lasitiki wozungulira kumutu. Pamaliro oyamba atachira, bambo anapempha chilolezo kwa akuluakulu kuti asavule chipewa. Palibe anakana. Mkulu wina mpaka anadabwa kuti bwanji sanapemphe kalekale.

Lero ndimaphunzitsa pasukulu ina m'mapiri a ku Ntchisi. Ndikudziwa tsopano kuti mpeni sulusitsa khansa ya pakhungu. Anthu amafika kwa dokotala mochedwa, akamwalira ife n'kumanena mpeni. Zimenezo n'zosavuta kuphunzira, zili m'mabuku. Chimene chinanditengera nthawi n'china. Munthu akakubwereka maso ake sanakupatse mutu wake. Ine ndinkawakonda bambo, zimenezo sindikayika, koma ndinawaona ngati munthu woti ndimusankhire chifukwa choti saona zilembo. Kusiyana kwa chikhadabo ndi khutu lonse ndi miyezi inayi imene ndinawabera, ndipo ndimaiona nthawi iliyonse akavula chipewa m'tchalitchi.

Bambo akadali moyo, ndipo amapita kokaonetsa khungu lawo akamva kuti madokotala abwera. Ndikapita kumudzi ndimatenga lasitiki watsopano, poti wakale amakhala atatamuka. Pakhomopo pali azing'ono anga atatu, onse odziwa kuwerenga. Koma ndikangokhala pansi, bambo amapisa m'thumba, n'kutulutsa foni, n'kuwadumpha onsewo, n'kundipatsa ine.

"Mayi, tawerengani apa."

Ndimawerenga mokweza kuyambira mawu oyamba, osayamba ndaona chamumtima, ngakhale utakhala wa mayunitsi.