Sukulu ya Tsiku Limodzi

Fungo la fodya wa bale akamafota m'chigafa limandikwiyitsabe mpaka lero. Limandibwezera ku esiteti ina ya ku Chulu, kumene makolo anga anali matenanti ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Dzinja limenelo ntchito yanga inali kusoka fodya, kuyambira mame asanakamuke mpaka msana kuuma gwa. Sukulu ndinkangoimvera kwa ana a m'mudzi akamadutsa kuseri kwa zigafa, akuimba nyimbo zowerengera. Mtima unkandiwawa zedi.

Tsiku lina a kapitawo anatulukira ndi thumba la mayunifolomu abuluu. Anati mawa lake kubwera alendo odzaona ngati ana a matenanti akuphunzira. Tinapanula fodya m'chigafa chimodzi, tinasesa, tinandanditsa njerwa zokhalira. Bolodi analikoloweka pamtengo, ndipo mlonda wa pa esiteti, amene ankatikalipira tsiku ndi tsiku, anasanduka mphunzitsi wa tayi.

Ine, kupusa kwanga, ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinasamba kawiri, ndinakhala kutsogolo, ndinaimba a, e, i, o, u mpaka mawu kusasa. Alendo anajambula zithunzi, anaomba m'manja, anakwera galimoto yawo. Mkokomo wake usanazilale, a kapitawo anali atayasamulitsa kale thumba lija kuti tivule.

Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinagwira diresi ndi manja onse n'kufunsa kuti, "Nanga mawa tidzavala chiyani kusukulu?" Anthu anafa nacho chiseko. Amayi anga sanaseke. Anagwada n'kundivula okha, akunong'ona kuti, "Vula mwanawe, angatithamangitse pano. Chinali chiphamaso chabe, chokonzera maso a anthu, m'kati mulibe kanthu."

Sabata yathunthu sindinawalankhule. M'mawa uliwonse ndinkasuzumirabe m'chigafa muja, koma munali fodya yekhayekha, wina womusoka ine ndemwe. Kuwerenga ndinadzakuphunzira ndili kale ndi mwana kumsana.

Ndili wamng'ono ndinkayesa chiphamaso ndi nzeru za a kapitawo, zopusitsira anthu ophunzira. Nditakula ndinaona kuti sichitheka ndi munthu mmodzi, pamafunikanso wolola kupusitsidwa. Mayi wina mwa alendo aja anandigwira dzanja tsiku lija, naona zala zanga zakuda bii ndi phula la fodya limene sopo analephera kuchotsa. Anaziyang'ana kanthawi ndithu. Kenako anandiuza kuti ndimaimba bwino.