Thadzi la Nsangwe

Dzina lake lenileni linatsala kusukulu tsiku limene anamusiyitsa. Kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale ana obadwa dzulodzuloli, ankangomuitana kuti Thadzi. Anali telala. Makina ake ankakhala pakhonde la nyumba ya bambo ake, pansi pa zenera la kuchipinda kwawo, kuti mdalayo akatsokomola iye amve. Imvi zinali zitayamba, msana utatha, ndipo mzinda umene anabadwira anali asanautulukepo ngakhale kamodzi.

Zonsezi zinayamba ndi chala cha azakhali ake. Mayi amenewo, Mulungu awakhululukire poti ife zatikanika, ankadziwa zakumwamba kuposa za m'nyumba mwawo momwe. Tsiku lina m'mamawa, m'nyengo yozizira, anatulutsa ana onse panja n'kuloza kum'mawa, pamene panali tinyenyezi tothithikana ngati mchere wotayikira pansalu yakuda.

"Iyo ndi Nsangwe," anatero azakhali. "Nyenyezi zina zimayenda pazokha, koma izo sizisiyana. Tawerengani."

Ana anapeza zisanu ndi imodzi.

"Zilipo zisanu ndi ziwiri. Inayo ndi thadzi, anapiye aliphimba, n'chifukwa chake silioneka. Nsangwe imasowa kwa kanthawi, kenako n'kutulukiranso mbandakucha. Mwana wobadwa itangotulukira ndiye thadzi la banja. Sapita kutali ameneyo. Akachoka, banja limabalalika, maliro amatsatana."

Chala chija chinatsika kumwamba n'kudzaima pa iye.

Chaka chomwecho mayi ake anadwala, ndipo panalibe anavutika n'kuganiza za woti asiye sukulu, poti nyenyezi zinali zitanena kale. Anadwazika mayi ake mpaka kuwaperekeza kumanda. Analera ang'ono ake, kuwachapira, kuwaphikira, kuwasokera mayunifolomu. Achimwene ake, oyamba kubadwa, anapitiriza maphunziro, anapeza ntchito ya mu ofesi, mimba inatuluka, makiyi a galimoto n'kumalira m'thumba. Kunabwera kalipentala wina wofatsa kudzamufunsira, koma ntchito yake inali kumzinda wina, ndipo azakhali anangoloza kumwamba. Kalipentala anadikira, anatopa, anakwatira wina. Zimenezi sizinapole. Akamva fungo la thabwa lopala kumene, Thadzi ankaponda makina ngati akuthamangitsa wakuba.

Azakhali anamwalira, koma chala chawo chinatsala. Kenako bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka, mawu n'kutha. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi sipuni, zonse zinali zake. Ankawakonda bambo akewo, asaname munthu. Koma sanaiwale kuti m'mawa wa chala uja iwo analipo, ndipo anangoyang'ana pansi.

Chomutonthoza chinali chimodzi: mtsikana wa malemu mng'ono wake, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Mwanayo anali ndi mutu, ndipo anasankhidwa kukaphunzira zamagetsi kumzinda wakutali. Thadzi anamusokera maovololo, madiresi ndi chikwama cha nsalu yolimba, zipi yake yosankha yekha. Ulendo unali wa Lolemba.

Lamlungu masana achimwene anatulukira ndi akazi awo. Anakhala pampando wa bambo pabalaza, makiyi n'kuwaponya patebulo kuti aliyense awamve. Kuchipinda kwa wodwala sanalowe. Ankati fungo la mankhwala limawapweteketsa mutu.

"Tamva kuti msana wakuvuta, Thadzi," anayamba motero. "Ndiye ine monga malume ndaganiza. Mwanayu asapite. Azikuthandiza kunyamula bambo. Pajatu nayenso anabadwa Nsangwe itangotulukira. Ndi thadzi lathu lamawa limeneli."

Mtsikana anali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya tiyi. Anatembenukira kwa Thadzi.

Thadzi anali ndi sizasi m'manja. Anaiyika pansi mwaulemu, poopa zimene dzanja lingachite. Mkwiyo umene anakhala akuumeza moyo wake wonse unakwera n'kutulukira pakamwa.

"Achimwene, phwando lokumbukira kubadwa kwanu limakhala liti?"

"Zikugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?"

"Wophika paphwandopo chaka ndi chaka ndine. Malaya amene mumavala podula keke ndimasoka ndine. Limakhala sabata yomwe ndinabadwa ineyo, kungoti tsiku langa palibe amalikumbukira. Nsangwe imene inandiona ine, inu inakuphonyani bwanji? Kunali mitambo?"

Alamu ake anatsala pang'ono kuseka, anadzigwira pakamwa.

"Zimenezo ndi za akazi, iwe," anatero achimwene.

"Ohoo! Ndiye nyenyezi zimatsika kudzasuzumira m'thewera?"

"Usachite mwano. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Agonera mokwanira, afika posasa. Banja lija munkati ndikachoka libalalika lili kuti? Ine sindinasunthe, koma nonse munabalalika. Maliro munkawaopa aja anabwera ndithu, ndipo woyamba kulira ndi womaliza kutsuka mbale ndinali ine. Moyo wanga munaudya, ndinakhala chete. Wa mwana uyu simuulawa."

Achimwene anatola makiyi awo. "Ndanena ndanena. Ine ndi malume ake, sapita. Ndipo bambo akaonongeka, mlandu ndi wako."

Galimoto itachoka, mtsikana anadzagwada pafupi ndi makina. "Amayi aakulu, ndikhoza kudikira chaka chimodzi. Msana wanuwo..."

"Inenso anandiuza chaka chimodzi," anamudula. "Pita ukalongedze."

Lolemba Thadzi analawirira. Pampando wa kuchipinda anaikapo beseni, sopo, matawulo, zofunda zochapa ndi mankhwala, phala n'kulithira m'fulasiki. Anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi wodwala mpaka wina abwere. Atatero anagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndikuperekeza mwana mpaka kusukulu. Ndibwera mawa. Lero akusamalirani mwana wanu wamkulu."

Mdalayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo labwino lija linanyamuka movutikira, chala n'kuloza kukhomo. Ankamuuza kuti apite. Thadzi anafuna kulira, anafunanso kukalipa, poti chala chimenechi chinali chitachedwa moyo wonse. Anangowakonzera pilo n'kutuluka, ndipo kumwamba sanayang'aneko.

Ali kudepoti anaimbira achimwene. "Ndili ndi mwana, tikukwera basi. Bambo sanasambe. Mutu ukakula sulewa nkhonya." Anadula foni iwo asanayankhe.

Basi inadutsa msika, inadutsa manda amene munagona mayi ake, inadutsa nyumba zomalizira, n'kulowa m'minda imene Thadzi ankangoimva m'nkhani za makasitomala. Dziko silinagwedezeke. Dzuwa litakwera, foni inalira. Mawu a achimwene anali atachepa ngati a mwana wotayika pamsika.

"Chemwali, bambo adzionongera. Bedi lonse. Alamu akowa akana kulowa. Ndiyambire pati?"

Yankho linali palilime. Madzi akhale ofunda, muwayese ndi chigongono. Muyambe kuwatembenuzira kukhoma, muchirikize phewa lakufalo, muziwalankhula kuti asachite manyazi. Mtima unamupweteka poganiza za mdala wake m'manja osadziwa kanthu. Koma zonse zinali pampando, manja achimwene anali nawo awiri, ndipo pambali pake panali mwana atakumbatira chikwama, akumuyang'ana ndi mantha kuti mwina auza dalaivala aime.

"Funsani Nsangwe, achimwene. Ndi yanunso."

Anazimitsa foni, n'kuuza mtsikana kuti asinthane malo, iye akhale kuzenera.