Imelo ya Maliro Imene Ndinalemba Ndekha

Ntchito yanga yoyamba ku Gaborone anandipezera ndi Mayi Chisale, a ku Ntcheu, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Ankagwira ntchito pa kampani ina ya magalimoto onyamula katundu ku Gaborone West Industrial. Atamva kuti ndili ndi dipuloma ya makompyuta koma ndikungokhala m'kachipinda ka lendi ku Mogoditshane, ananditengera kwa bwana wa za makompyuta, Rre Modise, monga amatchulira abambo m'Chitswana. "Uyu ndi mwana wakwathu, ndikumudziwa," anatero. Mawu amenewo ndiwo anandilembetsa ntchito, dipuloma ija sanaiyang'ane n'komwe.

Poyamba ntchito inali yamanja: kudula makebulo, kupana mitu yake ndi chopanira chotchedwa kilimpa, kuyesa ndi tesita, kusinthira anthu mapasiwedi oiwalika. Kenaka kampani inanditumiza ku maphunziro a satifiketi ya chitetezo cha netiweki, Loweruka lililonse. Tinkaphunzira kulemba malamulo a fayawolo yotchingira akuba, kuunika mapoti, timakomo totseguka pa seva, ndi kuwerenga malogi, kaundula wa zonse zochitika pa makinawo, mpaka maso kuwawa. Ndinkadzimva kwambiri masiku amenewo, ndisaname.

Gawo lomaliza linali la kuyesa anthu, osati makina. Akuba a pa intaneti amatumiza imelo yabodza yokhala ndi linki, munthu akadina n'kuwatsegulira khomo. Ife tinkayenera kutumiza imelo yotere kwa anzathu a kuntchito, bwana atavomereza, n'kulemba lipoti la amene akodwa. Mphunzitsi wathu, a Mwanza a ku Lusaka, ankati: "Osatuma vinthu vamene aliyense angazibe ati ni boza. Sakila chamene munthu sangakwanise kusiya."

Ulendo woyamba ndinalemba za katundu amene wafika ku positi. Palibe anadina. M'kalasi anzanga anandiseka, ndipo ndinakwera kombi yobwerera ku Mogoditshane ndili wokhumudwa. Ndili m'kombimo ndinaganiza: kodi Mmalawi wokhala kunja sangasiye kutsegula chiyani? Yankho linabwera mosavuta. Uthenga wa maliro.

Pa kampanipo tinalipo Amalawi ndi anthu a ku Zambia owerengeka. Ndinawalembera m'Chichewa, mwaulemu wonse wa kumudzi: "Pepani, tikudziwitseni kuti kunyumba kwagwa zovuta. Takhala tikukuimbirani osakupezani. Dinani apa muone dongosolo la mwambo." Rre Modise Chichewa sachimva. Anangoyang'ana pepalalo, n'kufunsa ngati linkiyo ikupita ku seva yathu yoyeserera, ndipo anasaina. Sindinawamasulire, iwonso sanafunse.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa. Masabata awiri m'mbuyomo Mayi Chisale anaimirira m'tchalitchi kupempha mapemphero chifukwa mayi awo anali atagonekedwa m'chipatala ku Ntcheu. Ndinalipo, ndinayankha nawo ameni. Koma polemba imelo ija mutu wanga unali pa lipoti basi.

Ndinaitumiza Lachiwiri m'mawa. Pasanathe mphindi imodzi, pa sikirini yanga panaoneka dzina la woyamba kudina, ndipo ndinamwetulira ndisanaliwerenge bwino. Kenaka ndinamva kulira kuchokera ku ofesi ya kumapeto, kulira kwa kwathu kwenikweni, kuja kumene munthu sangakusokoneze ndi china. Tsamba limene linkiyo inkatsegula linali ndi mawu a Chingerezi onena kuti awa anali mayeso chabe, koma Mayi Chisale sanaliwerenge. Ndinawapeza atakhala pansi, nsapato atavula, akuimbira mchimwene wawo foni yosayankhidwa. Amayi awiri Achitswana anali atawagwira mapewa.

Ndinagwada pafupi nawo. "Mayi, palibe wamwalira. Uthengawo ndi wabodza. Ndalemba ndine, ndi za kusukulu."

Anandiyang'ana. "Walemba ndiwe, Limbani?"

"Eya, Mayi. Pepani."

"Imelo za Chingerezi ndimazikayikira zonse. Iyi ndinaikhulupirira chifukwa yalembedwa ngati mmene timalembera kwathu." Anapukuta nkhope. "Dzuka, ukudetsa thalauzi."

Rre Modise anandiitana masana omwewo. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinasaina chinthu chimene sindinachimve, ndipo iwe unkadziwa kuti sindikuchimva." A Mwanza atawerenga lipoti langa anati manambala ndi abwino. Mayeso ndinakhoza, satifiketi inabwera.

Mayi Chisale sanandinenere kwa aliyense, ngakhale kwa abusa. Ndinapita kunyumba kwawo kukapepesa, anandilandira, anandipatsa tiyi. Koma kuyambira pamenepo ankanditchula kuti "a Kachingwe", dzina la bambo anga, osati Limbani, ngati munthu wa ku ofesi ina, ndipo kompyuta yawo ikavuta ankadikira Rre Modise.

Patapita miyezi inayi, uthenga unafika pa foni yawo kuchokera pa nambala yachilendo ya ku Malawi, wonena kuti kunyumba kwagwa zovuta, aimbe mwamsanga. Anachita zimene ndinawaphunzitsa: anaufufuta, nambalayo n'kuitseka. Anali mphwawo, amene anabwereka foni ya mnzake chifukwa ya mchimwene wawo inali itawonongeka. Pamene achibale ankawapeza kudzera mwa abusa tsiku lotsatira, kumudzi anali akuchokera kumanda. Mayi awo anaikidwa iwo ali pa desiki, akugwira ntchito.

Ku siwa ya kuno ndinapita, ndinakhala panja ndi azibambo, koma m'nyumba sindinalowe. Sanandinenepo mawu oipa. Bola akanandinena.

Lero ndine amene ndimakonza mayeso otere pa kampani ina. Imelo iliyonse ndisanaitumize ndimaimasulira wosaina mawu ndi mawu, ndipo za imfa, matenda ndi ana sindizigwiritsa ntchito. Anzanga ena a kuntchito amanditsutsa kuti wakuba weniweni sachita manyazi ndi zimenezo. N'zoona. Koma wakuba akatumiza imelo yake amapita. Ine ndinatsala pomwepo, ndipo munthu amene ndinamuphunzitsa kukayikira uthenga wa kwawo anaphunziradi.