Mayi Amene Anataya Tepi ya a Dokotala

Mayi amene tonse timawatchula kuti Anatepi analowa mu labotale ndi tsache, osati digiri. Sabata yoyamba yomweyo anaona tizidutswa ta selotepi tothimbirira titamatidwa m'mphepete mwa tebulo. "Anthu ophunzira uve bwanji!" anatero, n'kukokolola tonse kukataya.

Abale inu! Imeneyo inali ntchito ya miyezi iwiri ya a Dokotala, mkulu wa labotaleyo.

"Mayi, mwandipha," anatero a Dokotala atagwira mutu. "Lachisanu kukubwera oyendera. Akapeza tebulo lili mbee, chipinda chino atseka, ine ndi inu tonse kunyumba."

"Ndionetseni mmene mumachitira, bwana. Manja ndili nawo."

A Dokotala anatulutsa kamwala konyezimira kotchedwa molibidenamu disalufaidi, kosanjikizana ngati masamba a buku. Umamatapo tepi, kumatula, kupinda, kumatulanso, kenako kudinda pa kagalasi, mpaka patsale tsamba limodzi lokha losaoneka ndi maso. "Likatsala lokha limasintha khalidwe," anatero. "Ukaliunika ndi kuwala kobiriwira, limabweza kofiira. Limatsegulanso ndi kutseka magetsi ngati swichi. Tikufuna kupangira kachipangizo konunkhiza mpweya woipa."

Kunyumba, Anatepi atafotokoza zimenezi, amuna awo, omwe ndi makaniko, anaseka mpaka misozi. "Si zomwe zili mu girisi wanga wakuda zimenezo? Amake ana, bwerani mudzangopala m'zikhadabo zangamu!"

Anatepi sanaseke nawo, mtima unali m'mwamba. Koma anali ataona kale vuto la abwana awo: phuma. Ankangozula tepi kuti tswaa! Iwo, polera ana asanu, anazolowera kumatula pulasitala pa bondo mwana osalira. Anamatula choncho, pang'onopang'ono, masiku atatu, khosi mpaka kuuma.

Lachinayi masana a Dokotala anaika kagalasi ka mayiwo pa makina n'kukaunika ndi kuwala kobiriwira kuja. Kenako pa sikirini panatuluka kadontho kofiira kuti psuu.

"Mayi! Ndi limodzi! Tsamba limodzi!"

Anatepi analulutira mpaka mlonda anabwera chothamanga. Oyendera aja atafika, chipinda sanatseke.

Papita zaka khumi ndi zinayi tsopano. Tsache anasiya kalekale, amavala chikhoti choyera, ndipo ophunzira amaima pa mzere kudikira manja awo. Wosesa watsopano aliyense amamulandira okha pa khomo, chimwemwe chodzaza tsaya.

"Sesani paliponse, achemwali," amatero. "Koma tepi ya patebulo ikakunyansani, muziyamba mwandiitana ine."