Anapita kwa azakhali ndi shuga ndi sopo

Ndikukumbukira nyumba za lendi zomwe tinakuliramo ku Mbayani: mabanja asanu, mpopi umodzi, fungo la makala ndi madzi a sopo oyenderera pabwalo. Mkulu wanga Dalitso anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndiye ankandiphunzitsa kupanga magalimoto amawaya, ngakhale yanga inkayenda chammbali ngati nkhanu.

Loweruka lina masana, mayi woyandikana nafe anatulukira kuseri kwa bafa atagwira Dalitso pakolala. Mwana wawo Tadala, wa zaka zisanu, ankalira. Dalitso anali atamuchita zosayenera. Bambo athu anamukwapula Dalitsoyo ndi lamba mpaka mkono unatopa. Tadalayo akuluakulu anangomugulira zitumbuwa n'kumuuza kuti asauze munthu.

"Nkhaniyi isafike kutchalitchi, chonde," amayi athu anatero. "Apite kwa azakhali ake, khasu likamuwongole."

Lolemba anamukweza basi ya ku Mulanje pa Limbe, atanyamula shuga ndi sopo. Azakhaliwo anangouzidwa kuti mnyamata wapulupudza kusukulu. Ine ndinamuchitira nsanje, poti anapulumuka masamu.

Palibe anafunsa Dalitso kumene anaziona zimenezo, kapena ngati wina anamuchitapo iyeyo. Palibenso anaganizira zoti azakhali anali ndi ana aakazi atatu aang'onoang'ono, omwe ankawasiya m'manja mwake akamapita kumsika.

Chaka chatha, pamaliro a mkazi wanga ku Naperi, mmodzi mwa anawo, Esinati, anabwera kudzapepesa. Ataona Dalitso akulowa pageti, anadzuka n'kukokera mwana wanga wamkazi kumbuyo kwake. Kenako anandiyang'ana.

"Asuweni, kodi kwanu ankadziwa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Akanangowauza amayi," anatero motsitsa mawu, n'kukhala pansi.

Masiku ano kuli alangizi ndi anthu oona za chitetezo cha ana. Amakhala pansi ndi mwana wolakwiridwa, amakhalanso pansi ndi wolakwayo. Amafunsa, amathandiza, amachenjeza amene akukhala naye. Ife tinateteza dzina la banja, ana anayi n'kuvulala, wachisanu n'kukula wopanda womufunsa.

Mwezi watha Dalitso anati mwana wanga akakhale kwawo pa holide kuti ine ndipumeko. Mwina anasintha, sindikudziwa. Ndinakana, ndipo chifukwa chake ndinachinena, mlamu wanga, mkazi wakeyo, ali pomwepo.